Likongwe, Kapitawo wa pa Chipala

Padangokhala. Sendezani makutu kuno, wina asatsalire m'mbuyo.

Kale, nyama zisanayambe kuthawa moto, zinkalima minda monga tichitira ife. Dziko lonse la mfumu Ntchefu lidali ndi chipala chimodzi chokha chosulira makasu, ndipo kapitawo wake adali Likongwe. Thupi lake lidali lochepa, koma mutu unkathamanga kuposa miyendo. Ndiye ankayatsa ng'anjo yosungunulira miyala ya chitsulo, ndiye ankagawa makala, ndiyenso ankakayankha kubwalo zinthu zikalakwika.

Nyundo zinkamenyedwa ndi anungu. Mivukuto, zikopa zija zopemerera moto, inkagwiridwa ndi achule makumi awiri. Mkulu wawo adali Finye, nkhalamba yomwe idayamba kuvukuta Likongwe asanabadwe. Povukuta achulewo ankaimba. Finye ankatsogolera ndi mawu ake okhuthala, kufunsa moto ngati wadzuka bwino ndi chimene ukufuna kudya, anzake n'kumavomera kuti ukufuna mphepo basi. Nyimboyo ndiyo inkayendetsa manja, kuti wina asatsogole, wina asachedwe.

Mfumu Ntchefu idali mayi wofatsa, wosafuna kukhumudwitsa aliyense. Vuto lake lidali limodzi: mawu a amene walankhula pomaliza ndiwo ankatsala m'khutu mwake. Idali ndi nduna zitatu. Njiri ankayang'anira minda, Chipembere ankayang'anira zida, Pusi ankayang'anira nkhalango. Zonse zitatu zinkafunira dziko zabwino, koma sizinkakhalira mphasa imodzi.

Chaka china, dzuwa la chilimwe litayamba kuwawa, Njiri adaimirira pabwalo.

"Zikomo mfumu. Ine ndidaika ana awiri m'manda chaka cha njala, ndipo sindifuna kuti wina adzaone zimene ndidaona. Khomo lililonse lilandire makasu anayi mvula isanagwe."

"Anayi?" Likongwe adadzidzimuka. "Nyengo yatsalayi ndi yochepa, mfumu. Tikathamanga chotero, makasuwo adzatuluka opyapyala ngati tsamba la nthochi."

"A Njiri anena zomveka," idatero mfumu. "Yesetsani, a kapitawo."

Chaka chimenecho nyimbo ya achule idathamanga mpaka mawu ankapondana. Chitsulo chinkangolawa moto kamodzi, nyundo ziwiri zitatu, basi khasu latha. Mvula itagwa nyama zidalowa m'minda zikusekerera. Tsiku loyamba kudamveka thyo! m'munda mwa Mbawala. Tsiku lachiwiri thyo! uku, thyo! uko. Pofika nthawi yopalira, udzu udali utaposa chimanga, nyama zikuzula ndi mano.

"A kapitawo, n'chiyani chimenechi?" mfumu idafunsa pabwalo, ikuloza mulu wa zibenthu za makasu.

Likongwe adaomba m'manja. "Mudandituma makasu ochuluka, mfumu. Taonani mwayi wake. Lililonse labereka, lasanduka awiri."

Bwalo lonse lidafa nacho chiseko, mfumu yomwe idalephera kudzigwira. Mlandu udathera pomwepo. Koma chaka chimenecho nyama zidadya gaga.

Chilimwe china chitafika adaimirira Chipembere, atanyamula khasu lakuda bii, losalala ndi ukalamba.

"Zikomo mfumu. Khasu ili adasula agogo anga. Adalimira iwo, adalimira bambo anga, lero ndikulimira ine. Tisamasule zinthu zoti mawa tidzasulenso. Khasu lililonse libwerere pamoto kakhumi, kuti zidzukulu zidzalipeze."

"Kakhumi?" adatero Likongwe. "Makala ake tidzawatenga kuti? Ndipo makasuwo sadzakwanira makomo onse."

"A Chipembere anena zomveka," idatero mfumu. "Yesetsani, a kapitawo."

Nyimbo ya achule idakoka chaka chimenecho, funso lija kulibwereza kakhumi pa khasu limodzi, moti ena ankaodzera akuvomera. Ng'anjo idameza mitengo ya tsanya, idameza miwanga, idayamba ndi misuku yomwe. Mvula itagwa makasu adalipo makumi awiri okha. Adali olimba ndithu, ukamenya pamwala ukusweka ndi mwalawo. Koma makomo adali oposa zana. Nyama zinkadikirirana khasu, ndipo lisanafike kwa womaliza, nyengo yobzala idapita.

"A kapitawo, nanga izi?" mfumu idafunsa.

"Makasuwa adzalimira zidzukulu monga mudalamulira, mfumu," adayankha Likongwe. "Changotsala n'kupeza chodyetsa agogo awo, kuti zidzukuluzo zidzabadwe."

Adaseka ochepa. Chaka chimenecho nyama zidadya mizu.

Chilimwe chachitatu adaimirira Pusi. Asanalankhule misozi idali italengeza.

"Zikomo mfumu. Inu mukudziwa kuti ine kuno ndidachita kubwera. Kwathu kudali nkhalango yoposa iyi. Tidadula, tidadula, mpaka mitsinje idauma, tidabalalika. Theka la nkhalango yathu lapita m'chaka chimodzi. Nkhwangwa ipumule. Mtengo usagwenso ndi umodzi womwe."

"Popanda makala ng'anjo idzazima, mfumu," adatero Likongwe. "Ng'anjo ikazirala imang'aluka, ndipo amisiri akakhala chabe manja amaiwala."

"A Pusi anena zomveka," idatero mfumu, ikupukuta m'maso. "Yesetsani, a kapitawo."

Padalibe choyesetsa. Ng'anjo idazima, idang'aluka, mavu adamangamo. Anungu ena adasamuka kukafuna ntchito kwina. Nyimbo siidamveke chaka chonse, ndipo achule ena adayamba kuiwala povomera. Makasu makumi awiri aja sadachuluke. Nyama zidalima ndi zikhadabo, zina ndi timitengo touma.

Atamuitana kubwalo, Likongwe adayesa nthabwala monga kale.

"Nkhalango yanenepa, mfumu. Yatsala ndi ife."

Sadaseke aliyense. Kumbuyo kudamveka mawu akuti kapitawo achoke, ena adavomereza, phokoso lidakula. Mfumu idakweza dzanja.

"A kapitawo, ndikudziwa kuti mudandichenjeza katatu. Koma anthu anga atopa, ndipo chipala chili m'manja mwanu. Chaka chino a Njiri, a Chipembere ndi a Pusi akhutire onse atatu. Mukalephera, mudzatenge akazi anu ndi ana, mudzafune dziko lina."

Likongwe adabwerera kuchipala mutu uli pansi. Adapeza Finye akudzoza mafuta zikopa za mivukuto kuti zisaume.

"Zatha bwanji, a kapitawo?"

"Andiuza kuti ndilowe m'mauna atatu nthawi imodzi, bambo."

"Nanga mukadangowakhazika pamodzi akuluakuluwo, n'kuwauza kuti aliyense atsitseko pang'ono?"

"Ndidayesa. Aliyense amati atsitse mnzakeyo." Likongwe adakanda kukhutu. Kenaka maso adawala. "Koma pali chinthu chimodzi chimene onse atatu sangapirire. Kunyozedwa."

M'mawa mwake adapita kwa Njiri. Adamupeza akugalauza munda ndi mano.

"Mwadzuka bwanji, a nduna?"

"Ndadzuka ndi dothi m'kamwa. Ukufuna chiyani?"

"Palibe, ndimangodutsa. Kungoti zimene ndamva kwa a Chipembere zandikhala pakhosi."

"Ati chiyani?"

"Iyayi, ndisakhale wamiseche."

"Nena, iwe!"

"Akuti inu mumakonda kuwerenga makasu mvula isanagwe chifukwa mukudziwa kuti pokolola sipakhala chowerenga."

Mchira wa Njiri udaima njo. "Ine? Chaka chino tidzawerenga chimanga chitalowa m'nkhokwe! Khasu lothyoka lisadzawerengedwe!"

"Mawu okoma chotero asathere kumunda kuno, a nduna. Mukawanene pabwalo, eni ake amve."

Adachoka pamenepo nalunjika kwa Chipembere, yemwe adali pakhonde akunola khasu la agogo ake.

"A nduna, ine ndiye ndakuikirani kumbuyo, koma a Pusi sakumva."

"Pa nkhani yanji?"

"Akuti khasu lolimba angasule ndi aliyense, bola mum'patse nkhalango yonse. Akuti mmisiri weniweni amaonekera pa dengu limodzi la makala."

Chipembere adafwenthera mpaka fumbi lidabuka. "Pusi adagwirapo nyundo? Agogo anga ankasula ndi dengu limodzi! Ine ndidzachita chimodzimodzi. Dengu limodzi, khasu limodzi, ndipo lidzalimba!"

"Mukanenere pabwalo, a nduna. Pakhonde pano akumva ndi nkhuku zokha."

Pomaliza adakaima pansi pa msuku, pomwe Pusi ankakonda kukhala.

"A nduna, tsikani pang'ono, nkhaniyi si yofuula."

Pusi adatsika.

"A Njiri akuti mudaletsa nkhwangwa chifukwa mitengo simuidziwa, mumangodziwa kukwera. Akuti wodziwa mitengo amatha kuidula osaipha."

"Njiri? Amene sadayang'anepo kumwamba chibadwire?" Pusi adalumpha uku ndi uku. "Mtengo ukaudula m'munsi pa nyengo yake, chitsa chimaphukira nthambi zisanu! Nkhalango ukaigawa pakhumi, n'kumadula chigawo chimodzi pachaka, pobwerera poyamba paja umapeza mitengo yakula! Ndikamuonetsa. Makala adzabwera chaka ndi chaka, nkhalango ili chiimire!"

"Ine ndakhulupirira. Koma a Njiri ndi omva za pabwalo zokha."

Tsiku la bwalo nduna zitatu zidalimbirana kulankhula. Njiri adalumbira akuyang'ana Chipembere. Chipembere adalumbira akuyang'ana Pusi. Pusi adalumbira akuloza Njiri. Aliyense adakhala pansi akuganiza kuti wamuchititsa manyazi mnzake. Mfumu idadabwa, koma idangoti, "Nonse mwanena zomveka. Mwalumbira nokha, bwalo lamva."

Ntchito idayamba. Ng'anjo adaimata, anungu adabwerera. Pusi adatsogolera yekha odula mitengo, akuloza woti ugwe ndi woti utsale. Njiri, poopa makasu othyoka, adasiya kukalipira osula kuti afulumire, m'malo mwake adatolera zibenthu za chaka choyamba zija kuti azisungunulenso. Masiku oyamba Chipembere sankachoka pachipala. Adayesa uku, adayesa uku, mpaka adapeza njira: makala akachepa, mphepo ichuluke. Moto ukakalipa kwambiri, chitsulo chinkapsa katatu kokha n'kulimba.

"Mphepo!" ankafuula Chipembere. "Onjezani mphepo!"

Nyimbo ya achule idabwerera, ndipo masiku oyamba inkamveka mpaka kuminda. Likongwe ankayenda monyadira, akuona makasu abwino akuunjikana, madengu a makala osatha msanga.

Patapita sabata ziwiri Finye adamuitana.

"A kapitawo, manja atupa."

"Limbani mtima, bambo. Mvula ili pafupi."

Patapita sabata ina adamuitananso. Nyimbo idali itafupika, funso lokha, ovomera akungoyankha ndi mpweya.

"A kapitawo, atatu sadadzuke lero. Zifuwa."

"Mitambo yayamba, bambo. Pang'ono pokha."

Tsiku lachitatu lake, dzuwa lili paliwombo, nyimbo idaduka pakati. Finye adagwa chafufumimba pambali pa mvukuto. Adamunyamula n'kukamugoneka pamthunzi, adamuthira madzi, adamupemerera ndi masamba. Patapita nthawi adatsegula maso, nafunafuna Likongwe.

"A kapitawo," adatero motsitsa, "makala mudawaganizira. Mitengo mudaiganizira. Makasu mudawaganizira. Ife mudatiika pati?"

Likongwe adatembenuka. Adayang'ana achule enawo. Zikhatho zidali zosupuka, makosi akungokwera ndi kutsika. Adazindikira kuti makala onse amene adapulumutsa adawachotsa m'zifuwa za anzakewa.

Adathamanga kukafuna nduna. Adazipeza zonse zitatu pamphasa imodzi, zikudya masuku, chinthu chimene sichidachitikepo. Adayandikira Njiri n'kunong'ona mokweza.

"A nduna, ndamva wina akuti inu mvukuto simungaugwire ngakhale..."

Onse atatu adaseka.

"Khala pansi, Likongwe," adatero Pusi. "Tidafunsana. Palibe adanena mnzake."

"Mabodza ako atatu adatithandiza, sitikukana," adatero Chipembere. "Koma lachinayi sitimeza."

Likongwe sadakhale pansi. "Ndiye imvani zoona. Finye wagwa. Achule akutha. Tikapitiriza chonchi makasu tidzakhala nawo chaka chino, koma chaka chamawa sipadzakhala wopemerera moto. Kuyambira lero theka lizivukuta, theka lizipuma kudambo."

"Mphepo ikachepa makasu achepa," adatero Njiri. "Makasu akachepa ine sindikhutira, ndipo ukudziwa chimene mfumu idanena."

"Ndikudziwa, a nduna."

"Uli ndi ana, Likongwe."

"Achulenso ali nawo."

Adatembenuka n'kubwerera kuchipala. Adatumiza achule khumi kudambo. Kwa Finye adati, "Inu, bambo, mvukuto mwasiyana nawo. Yanu ndi nyimbo yokha, mutakhala pamthunzi." Ndipo iye mwini adakhala pamalo pa Finye, nagwira zikopa.

Manja a Likongwe adali aafupi, mvukuto wolemera. Nyimbo ankaidziwa ndi makutu okha. Finye adayamba funso lija ndi mawu onjenjemera, achule otsalawo adavomera, Likongwe adavomera mochedwa. Adayambanso, adalakwitsanso. Kachitatu adalowa bwino. Thukuta lidamutsika m'maso, msana udawotcha, koma chitsulo chidali pakati pa kupsa, ndipo akadasiya chikadaonongeka.

Nduna zija zidatsatira pambuyo kudzaona ngati ankanena zoona. Zitafika zidamva fungo la ubweya wopserera.

"Iwe, mchira!" adakuwa Pusi. "Mchira uli pamakala!"

"Ndaumva," adatero Likongwe mano ali gwa, manja osaleka. "Ndikasiya, khasu la wina lifa."

Chipembere adamunyamula ngati kamwana n'kumuviika mchira mumtsuko. "Choka apa, ungatipsere." Adakhala pansi yekha, nagwira mvukuto. Kukankha kwake kumodzi kudaposa achule asanu, moto udalira. Pusi adayang'ana Njiri, Njiri adayang'ana pansi, kenaka onse awiri adagwira mvukuto wachiwiri, wina uku wina uku. Finye adakweza mawu, ndipo tsiku limenelo nduna za mfumu zidaphunzira kuvomera nyimbo ya achule.

Ena amati Likongwe adauika dala mchirawo pamoto ataona nduna zikubwera. Iye mwini atafunsidwa sadavomere, sadakanenso. Ankangouyang'ana, nsonga yake itada bii, n'kupumira m'mwamba.

Kuyambira tsikulo nduna iliyonse inkabwera tsiku lake kudzavukuta. Komabe masiku adali atatha. Mvula idagwa makasu asanafike pomwe Njiri ankafuna.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, bwalo lidakumana. Likongwe adabwera ndi mkazi wake ndi ana, katundu atamanga kale.

"A Njiri," idafunsa mfumu, "mwakhutira?"

"Ayi, mfumu. Ndinkafuna anayi pakhomo. Apezeka awiri. Kungoti awiriwo afika pokolola."

"A Chipembere?"

"Ayi, mfumu. Atatu athyoka. Enawo adzafika kwa ana, koma kwa zidzukulu ndikukayika."

"A Pusi?"

"Ayi, mfumu. Ndikadutsa pa chigawo tidadula mtima umandipweteka. Zitsa zaphukira, inde, koma mthunzi palibe."

Mfumu idatembenukira kwa Likongwe. "A kapitawo, mwamva nokha. Sadakhutire ndi mmodzi yemwe. Muli ndi mawu?"

Likongwe adaomba m'manja. "Ochepa, mfumu. Chaka chimene a Njiri adakhutira tidadya gaga. Chaka chimene a Chipembere adakhutira tidadya mizu. Chaka chimene a Pusi adakhutira tidalima ndi zikhadabo. Chaka chino onse atatu akudandaula, koma taonani, akudandaula chakudya chili m'kamwa."

Njiri, yemwe ankakukuta chimanga chokazinga pamene mlandu unkakambidwa, adatsamwa. Bwalo lidaphulika. Mfumu idaseka mpaka misozi.

"Masulani katunduyo, mayi," idatero kwa mkazi wa Likongwe. Kenaka idatembenukira kwa achule. "Ndamva zimene zidachitika kuchipala. Nduna zanga zidali zitatu, wolankhulira manja padalibe. A Finye, bwerani mukhale apa. Kuyambira lero ndinu nduna yachinayi."

Finye adayenda pang'onopang'ono, nakhala pamphasa pakati pa Chipembere ndi Pusi. Asanakhazikike n'komwe adati, "Zikomo mfumu. Chaka chamawa achule azipuma masiku awiri, kugwira limodzi."

"Awiri?" adalumpha Njiri. "Nanga makasu?"

"Nanga kulimba kwake?" adatero Chipembere.

"Mphepo ikachepa mufuna makala ambiri, ndikukuonani!" adakuwa Pusi.

Mfumu idayang'ana uku, idayang'ana uku. "Nonse mwanena zomveka," idatero. "A kapitawo?"

Likongwe adagwira mchira wake wopsawo, nauyang'ana.

"Mfumu, ndidali ndi mauna atatu. Mwandikumbira lachinayi."

Ndipo zidaterodi. Chilimwe chilichonse mkangano unkayambiranso, chifukwa chimene chidakwana chaka chatha sichinkakwana chaka chino. Likongwe ankathamanga kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, kuno kuchotsako pang'ono, uko kuonjezera pang'ono, ndipo ng'anjo siidazimenso.

Mukadzamuona akudutsa msewu mwaliwiro, nsonga ya mchira ili bii, musam'ponye mwala. Ali pa ntchito, nduna ina ikumudikira.

Yanga yathera apa. Wotsatira asendere pafupi.